Kusinthana osewera mu NBA: timadziwa bwanji kuti timu yapindula kapena yadzipweteka?

Pa 1 February 2008, timu ya Memphis Grizzlies ya mu NBA, ligi yaikulu ya basketball ya ku America, inapereka Pau Gasol, wosewera amene inkamudalira kuposa onse, ku Los Angeles Lakers. M'malo mwake inalandira Kwame Brown, Javaris Crittenton, Aaron McKie, mipata iwiri yodzasankhira osewera atsopano, ndi ufulu wodzalemba mng'ono wake wa Pau, dzina lake Marc, amene panthawiyo ankasewera ku Spain ndipo ambiri ku America sankamudziwa. Otsatira basketball ambiri anati Memphis yaberedwa dzuwa likuswa mtengo. Ngakhale a Gregg Popovich, mphunzitsi wa San Antonio Spurs, anadandaula poyera. Lakers inatengadi chikho mu 2009 ndi 2010, Pau ali pakati pa zonsezo. Koma Marc uja anakula n'kukhala mzati wa Memphis kwa zaka zoposa 10. Mu 2013 analandira mphoto ya wotchinga bwino kuposa onse mu ligi, ndipo chaka chomwecho Memphis inafika mu fainolo ya chigawo cha kumadzulo koyamba m'mbiri yake (ligiyi ili ndi zigawo ziwiri, cha kum'mawa ndi cha kumadzulo).

Ndiye anapindula ndani? Lakers inapeza zikho ziwiri, zimenezo palibe angatsutse. Memphis inali timu yongogonja, yoti ngakhale Pau akanakhalabe sikananunkhiza chikho. Inkafunika kuyambiranso, ndipo inayambiradi pa zimene inalandirazo. Mwina ikanapeza zochulukirapo ikanazungulira m'matimu ena kufunsa mtengo, koma mawu akuti kuberedwa aja sanathe zaka zisanu asanazilale.

Masiku ano kusinthana kukangolengezedwa, ola lisanathe olemba nkhani amakhala atapereka kale malikisi. Chigamulo chachangu choterecho chimayankha funso limodzi lokha, lakuti dzina lalikulu lapita kuti. Ine ndimaona kuti funso lolemera lili pena: kodi timuyi, tsiku limene inkasaina, inadziuza zoona za mtunda umene watsala pakati pa iyo ndi chikho? Matimu ambiri amene anadzipweteka kwa zaka analakwitsa poyeza mtunda umenewu. Mtengo umene analipira unangobwera pambuyo pa kulakwitsako.

Koma munthu sangayeze bwino asanadziwe chimene chikusinthidwa. Amene munazolowera mpira wamiyendo wa ku Ulaya, kumene timu imatulutsa ndalama n'kugula wosewera, muchotse kaye chithunzi chimenecho. Mu NBA ndalama zimene timu ingaphatikize posinthana n'zochepa kwambiri. Chimene chimasamuka ndi kontirakiti: wosewera amapita ndi malipiro ake ndi zaka zimene zatsala, ndipo kupatula ochepa kwambiri, iye alibe mphamvu yokana. Ligi ilinso ndi malire a malipiro a timu yonse, amene mu sizoni ya 2024-25 anali pafupifupi $140.6 miliyoni. Matimu ambiri olimbirana chikho amakhala pamwamba pa malirewo kudzera m'njira zimene malamulo amalola, koma akatero amakakamizika kuti malipiro otuluka ndi olowa azikhala oyandikana. N'chifukwa chake mayina ena amene mumawerenga pa mndandanda amakhalapo pongofuna kuti masamu akwane. Kwame Brown anali wotero. Memphis inkafuna kontirakiti yake chifukwa inkatha chaka chomwecho n'kumasula ndalama.

Ndiye pali draft. Chaka chilichonse mu June matimu 30 amasankha osewera achinyamata m'ndime ziwiri. Matimu amene sanachite bwino ndiwo amayamba, ndipo mipata yoyambirira imagawidwa mwa mayere. Pa malamulo amene anayamba mu 2019, matimu atatu otsiriza aliyense anapatsidwa mwayi wa 14 peresenti wopeza mpata woyamba. Mipata imeneyi imasinthidwa ngati katundu, mpaka ya zaka 7 kutsogolo, ngakhale lamulo lotchedwa dzina la Ted Stepien, amene anali mwini wa Cleveland kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, limaletsa timu kukhala yopanda mpata wa ndime yoyamba zaka ziwiri zotsatizana zam'tsogolo. Mpata ungathe kukhala wotetezedwa, kutanthauza kuti ukagwera pamwamba kwambiri mwiniwake amausunga, kapena wosatetezedwa. Palinso ufulu wosinthanitsa malo, woti ngati mpata wako uli wabwino kuposa wanga, ine nditenga wakowo. Mfundo yoti muigwiritse apa ndi iyi: mtengo wa mpata umadalira mmene timu yoperekayo idzakhalire yofooka chaka chimenecho. Timu yopereka mipata yosatetezedwa ya zaka zisanu kutsogolo ikubetcha kuti idzakhala idakali yamphamvu, pamene osewera ake a lero mwina adzakhala atapuma. Ndipo wosewera wosankhidwa m'ndime yoyamba amalandira malipiro otsika kwa zaka zinayi, choncho akakhala waluso amapatsa timu zambiri pa ndalama yochepa.

Kumbali inayo kuli katswiri. Pabwalo pamalowa anthu asanu okha mbali iliyonse, masewero amatenga mphindi 48, ndipo katswiri weniweni amasewera mphindi zoposa 35, mpira ukudutsa m'manja mwake pafupifupi ulendo uliwonse. Malamulo salola kuti alandire zoposa gawo lina la malire a malipiro, kuyambira 25 mpaka 35 peresenti malinga ndi zaka zake mu ligi ndi mphoto zimene wapata. Zotsatira zake n'zakuti osewera apamwamba zedi amalandira zochepa kuposa phindu limene amabweretsa. Osewera anayi abwino salingana ndi katswiri mmodzi, chifukwa anayiwo amadzaza malo anayi pamene katswiriyo amasiya malo atatu oti muikemo ena. Choncho kulipira mtengo waukulu pa katswiri pakokha si kulakwa. Nkhani ndi yakuti mukumulipirira liti, ali ndi zaka zingati, ndipo akabwera apeza ndani.

Toronto Raptors ndi chitsanzo cha timu imene inadziyeza molondola. Mu July 2018, motsogozedwa ndi a Masai Ujiri, inatumiza DeMar DeRozan, Jakob Poeltl ndi mpata umodzi wotetezedwa ku San Antonio, n'kulandira Kawhi Leonard ndi Danny Green. Poyang'ana msanga zinali zochititsa mantha. DeRozan anali atasewera ku Toronto zaka 9, anthu ankamukonda, iyenso ankafuna kukhalabe, ndipo kuchotsedwa kwake kunamupweteka mtima kwambiri. Mbali imeneyi tisamaiiwale tikamawerengera phindu, chifukwa amene akusinthidwayo ndi munthu wa banja lake. Leonard naye anali atasewera masewero 9 okha sizoni yapitayo chifukwa chovulala, kontirakiti yake itatsala chaka chimodzi, ndipo zinkamveka paliponse kuti mtima wake uli ku Los Angeles.

Tsono taonani pamene Toronto inali. Inali itapambana masewero 59 mwa 82 n'kukhala pamwamba kum'mawa, koma zaka ziwiri zotsatizana Cleveland ya LeBron James inaitulutsa mu playoffs, mpikisano wochotsana wolimbirana chikho kumapeto kwa sizoni, osailola kupambana ngakhale kamodzi. Timuyo inali yabwino koma itafika pamapeto a zimene ikanatha ndi anthu amenewo. LeBron anali atangosamukira ku Lakers, njira ya kum'mawa itatseguka. Ndipo chofunika kwambiri, Toronto sinapereke tsogolo lake. Pascal Siakam, OG Anunoby ndi Fred VanVleet anatsala, mipata ya zaka zakutsogolo inatsalanso. Zinthu zikanavuta, timuyo ikanayambiranso monga mmene ikanayambiranso ngakhale DeRozan akanakhalapo. Mu February 2019 anawonjezerapo Marc Gasol yemwe uja, ndipo mu June anagonjetsa Golden State Warriors 4-2 n'kutenga chikho choyamba m'mbiri yawo. Mwezi wotsatira Leonard anachoka.

Mwayi unalipo, tisabise. Pa masewero achisanu ndi chiwiri, omaliza a ndime ya playoffs yolimbana ndi Philadelphia, mpira womaliza wa Leonard unadumpha kanayi pa mkombero usanalowe. Mu fainolo Kevin Durant ndi Klay Thompson a Warriors anavulala. Koma mpira uja ukanagwera kunja, Toronto n'kudzagonja m'nthawi yowonjezera, ine ndikanatibe a Ujiri anachita bwino, chifukwa zimene ankadziwa mu July 2018 zinkaloza komweko. Chigamulo cha tsiku losaina ndi zotsatira za pabwalo ndi zinthu ziwiri, ndipo woyeza mwachilungamo amaziyang'ana padera asanaziphatikize.

Brooklyn Nets inachita zooneka ngati zomwezo koma pa maziko ena. Mu 2013 inatenga Kevin Garnett, Paul Pierce ndi Jason Terry ku Boston Celtics. Inapereka osewera angapo okwaniritsa masamu, mipata yosatetezedwa ya 2014, 2016 ndi 2018, ndi ufulu wosinthanitsa malo mu 2017. Garnett anali ndi zaka 37, Pierce 35. Nets inali itapambana masewero 49 n'kutuluka m'ndime yoyamba ya playoffs, kutanthauza kuti sinali pafupi ndi chikho monga inkadzionera, ndipo Miami ya LeBron inali pachimake. Anagula mayina a anthu amene ntchito yawo yaikulu inali kale m'mbuyo. Sizoni yotsatira anapambana masewero 44, anadutsa ndime imodzi ya playoffs, Miami n'kuwatulutsa. Pierce anachoka chaka chomwecho, Garnett mu February 2015.

Chopweteka chinabwera pambuyo pake. Timu yofooka mu NBA imakhala ndi chitonthozo chimodzi, chakuti kugonja kumaipatsa mpata wabwino wa draft. Brooklyn inapambana masewero 21 mu 2015-16 ndi 20 mu 2016-17, koma mphoto ya kuvutika konseko inkapita ku Boston. Mpata wa 2016 unakhala wachitatu, Boston n'kusankha Jaylen Brown. Wa 2017 unakhala woyamba, ndipo a Danny Ainge, amene ankayendetsa Boston, anausinthanitsa ndi Philadelphia n'kutsikira pachitatu pamene anasankha Jayson Tatum. Awiriwa ndiwo anatsogolera Boston ku chikho cha 2024, patapita zaka 11 chisainireni. Apa sitinganene kuti Brooklyn inangosowa mwayi. Zaka za Garnett ndi Pierce zinali zodziwika kwa aliyense, ndipo kusateteza mipata ya zaka zimene awiriwo adzakhale atachoka kunali kulakwa koonekeratu tsiku lomwelo.

Nkhani yovuta kugamula ndi ya Los Angeles Clippers mu July 2019. Anapereka Shai Gilgeous-Alexander, Danilo Gallinari, mipata isanu ya ndime yoyamba ndi ufulu wosinthanitsa kawiri ku Oklahoma City Thunder kuti apeze Paul George. Lero ndi zosavuta kuwadzudzula, poti Gilgeous-Alexander anakhala MVP, wosewera wopambana onse mu ligi, mu 2025 ndipo Thunder inatenga chikho chaka chomwecho. Koma bwererani ku tsikulo. George anali ndi zaka 29, atangomaliza pachitatu pa mavoti a MVP, ndipo kubwera kwake ndiko kunachititsa kuti Leonard asaine ku Clippers. Mtengo uja unali wa akatswiri awiri ali m'mphamvu zawo, ndipo ambiri ankaiona Clippers ngati yotsogola pa mpikisano wa chikho. Mtunda anauyeza bwino ndithu. Chimene sanachiyeze mokwanira ndi matupi a awiriwo, amene onse anali ndi mbiri yovulala. Mu 2020 anagonja kwa Denver atatsogola 3-1. Mu 2021 anafika mu fainolo ya kumadzulo koyamba, koma Leonard anali atavulala bondo, ndipo sanasewere sizoni yonse yotsatira. Sizoni imeneyo Clippers inalephera kulowa mu playoffs, mpata wake wa nambala 12 unapita ku Thunder, ndipo pamenepo anasankha Jalen Williams, amene anadzakhala wachiwiri kwa Gilgeous-Alexander pa ulendo wa chikho. George anachoka mu 2024.

Maganizo anga ndi akuti kubetcha kwa Clippers kunali komveka, koma kuli phunziro limene anthu amalidumpha. Onse ankawerenga mipata isanu ija, pamene chuma chenicheni chinali mnyamata amene anali atasewera sizoni imodzi yokha. Timu imene imamuona wosewera pa maphunziro tsiku ndi tsiku ndiyo iyenera kumudziwa kuposa wina aliyense. Mukamayeza kusinthana kulikonse, fufuzani wamng'ono kwambiri pa mndandandawo, ndipo mudikire zaka zitatu kapena zinayi musanatseke buku. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ndalama nazo zimasokoneza chigamulo. Mu October 2012 Thunder yomweyo, itangochoka kumene mu fainolo ya NBA, inalephera kugwirizana malipiro ndi James Harden wa zaka 23, n'kumutumiza ku Houston. Inkaopa msonkho umene matimu olipira kwambiri amadulidwa. Inalandira Kevin Martin, amene anakhala sizoni imodzi, Jeremy Lamb, ndi mipata imene umodzi wake unabala Steven Adams. Harden anakhala MVP mu 2018, ndipo Thunder ya Durant ndi Russell Westbrook sinabwererenso mu fainolo. Ndalama yopulumutsidwa ndi phindu la mwini timu. Imasanduka phindu la timu pokhapokha ikabwerera pabwalo ngati wosewera wina wothandiza. Apa Thunder inali pafupi kwambiri ndi chikho, n'kuchita ngati timu imene ili ndi nthawi yambiri.

Komabe kuyambira pa mgwirizano wa ligi ndi osewera wa 2023, nkhaniyi yasintha pang'ono. Pali mzere wapamwamba wa malipiro wotchedwa second apron, umene mu 2024-25 unali pafupifupi $188.9 miliyoni. Timu ikaudutsa, chilango sichithera pa msonkho. Siloledwa kuphatikiza malipiro a osewera awiri kuti ipeze mmodzi, siloledwa kutumiza ndalama posinthana, ndipo mpata wake wa zaka 7 kutsogolo umamangidwa. Choncho Boston itachotsa Jrue Holiday ndi Kristaps Porzingis mu 2025, Tatum atavulala mtsempha wa chidendene, inali ikugula ufulu wodzamanganso timu. Kusinthana kotero sikungayezedwe ndi luso la amene watuluka ndi amene walowa basi.

Za kugwirizana kwa osewera pabwalo ndinena mwachidule. Mapointi amene munthu amagoletsa pa masewero amanyenga, chifukwa mpira ndi umodzi. Phoenix Suns inapereka Mikal Bridges, Cam Johnson ndi mipata inayi kuti ipeze Durant mu February 2023, kenako inawonjezera Bradley Beal pambali pa Devin Booker. Ogoletsa atatu, koma wogawa mpira ndi otchinga okwanira panalibe. Mu 2024 Minnesota inawatulutsa 4-0, ndipo mu 2025 sanalowe n'komwe mu playoffs. Milwaukee inapereka mipata itatu ndi ufulu wosinthanitsa kawiri mu 2020 chifukwa cha Holiday, munthu wosagoletsa kwambiri koma wotchinga mwaukali, ndendende chimene Giannis Antetokounmpo ankasowa pambali pake. Patangopita milungu yochepa Giannis anasaina kontirakiti ya zaka zisanu, ndipo mu 2021 Milwaukee inatenga chikho chake choyamba chichokereni 1971. Kusaina kwa Giannis kuja n'gawo la phindu, ngakhale sikunalembedwe pa pepala la kusinthana. Minnesota nayo inasekedwa mu 2022 itapereka osewera asanu ndi mipata inayi chifukwa cha Rudy Gobert, koma inafika mu fainolo ya kumadzulo mu 2024 ndi 2025. Chida chabwino choyezera anthu otere ndicho kuona mmene timu imachitira iwo akakhala pabwalo poyerekeza ndi akakhala pabenchi, makamaka mu playoffs pamene adani amafufuza chofooka chilichonse.

Zonsezi zimatithandiza kuyang'ana zimene zinachitika kumayambiriro kwa February 2025, pamene Dallas Mavericks inatumiza Luka Dončić ku Lakers n'kulandira Anthony Davis, Max Christie ndi mpata umodzi wa 2029. Dončić anali ndi zaka 25, atangoifikitsa Dallas mu fainolo ya 2024. Davis anali ndi zaka 31, katswiri weniweni wotchinga koma wovulalavulala, ndipo anavulala pa masewero ake oyamba ku Dallas. A Nico Harrison, amene ankayendetsa timuyo, ankati zikho zimabwera ndi kutchinga. Panalinso nkhani ya kontirakiti ya pafupifupi $345 miliyoni imene Dončić akanayenera kupatsidwa chaka chomwecho. Munthu angathe kukhala ndi nkhawa zomveka pa thupi la wosewera ndi pa ndalama zochuluka chotero, ndipo ine sinditsutsa kuti timu ili ndi ufulu wogulitsa katswiri wake. Koma Dallas inali pafupi ndi chikho chifukwa cha Dončić yemweyo, ndipo inasinthanitsa zaka 10 za mwayi ndi zaka zitatu kapena zinayi.

Mu May 2025 Dallas inapambana mayere a draft ili ndi mwayi wa 1.8 peresenti yokha, n'kusankha Cooper Flagg. Ena anayamba kunena kuti zonse zatha bwino. Koma mpata umenewo unali wa Dallas kale, sunachokere ku Lakers, ndipo palibe amene akanaukonzeratu. Flagg angadzakhale katswiri wamkulu, koma sangalowe m'masamu a kusinthanaku. Zimene zimalowamo ndi mkwiyo wa masapota amene anachita zionetsero kunja kwa bwalo lawo, ndi kuchotsedwa ntchito kwa a Harrison mu November chaka chomwecho.

Cholakwa chimene sichifunika kudikira zaka kuti chioneke ndi mmene malondawo anayendera. Dallas inakambirana mwachinsinsi ndi Lakers, matimu ena osapatsidwa mwayi wopikisana pa mtengo. Msika unali utaonetsa kale mitengo yake: Gobert anapita ndi mipata inayi, Durant ali ndi zaka 34 anapita ndi inayi, ndipo New York Knicks inapereka isanu mu 2024 chifukwa cha Bridges, amene anali asanasankhidwepo ngakhale kamodzi pa masewero a All-Star, a akatswiri osankhidwa mu ligi yonse. Dončić, amene anali atasankhidwa kasanu motsatizana m'gulu loyamba la osewera asanu opambana mu ligi, anapita ndi mpata umodzi, ndipo Lakers inatsala ndi wina wa 2031 umene ikanatha kupereka.